Mkuyu wa a Mulepa

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire a Faniziyo Mulepa, wometa wa pamsika wa Bangwe. Dzina limenelo ambiri analimva koyamba pamaliro. Tonse tinkawatchula a Kudambo, chifukwa panalibe nkhani imene akanaiyamba popanda mawu akuti “kwathu kudambo.” Ukawauza kuti mwana wako wamera mano, iwo ankakuyankha za ng'ombe za kudambo. Ine ndinakazinga zitumbuwa pafupi ndi mpando wawo kwa zaka zambiri, ndiye dambo la Phalombe ndinalidziwa ndisanalipondeko, ndipo ndinalidziwira pamitu ya anthu.

Masiku amenewo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankagwidwa, choncho makasitomala sankasowa. Munthu akangokhala pampando, a Mulepa ankamukulunga nsalu m'khosi, n'kumugwira mutu ndi manja awiri, n'kuuyang'ana bwinobwino ngati akufuna kuugula. Mutu umenewo unali utasanduka dziko lakwawo. Mphumi inali phiri la Mulanje, khutu lamanja linali Michesi, ndipo kunkhongo kunali nyanja ya Chilwa. Ankayamba ndi kudula kamzere ndi makina awo a pamanja kuchokera pakhutu mpaka kunkhongo, n'kunena kuti umenewo ndi mtsinje wa Phalombe. Apa ndiye panali nzeru zawo zonse. Ndani angadzuke n'kumapita kuntchito ali ndi mtsinje pamutu? Unkayenera kukhala mpaka nkhani ithe.

Nkhani zake sizinali zachabe ayi. Pakati pa mphumi ndi khutu ankaimitsa makina, n'kufotokoza kuti pampata umenewo, pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndi pamene kale ankadutsitsa akapolo atawamanga m'khosi. Pampata womwewo ndi pamene agogo awo analowera, pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, atasenza ana ndi mbewu za kalongonda. Ankatchula chulu chimene atsikana ankakwerapo poyang'ana amuna ochokera kuthangata, chitsime chimene sichinaumepo, ndi kaphiri ka Machemba kamene kanaima kokhakokha pakati pa dambo. Koma pamwamba pa zonse panali mkuyu. Mkuyu umenewo unkakhala paliwombo penipeni. Ankati pansi pake ndi pamene anthu akwawo anatula katundu tsiku loyamba, ndipo unali waukulu moti msika wonse unkakwana mumthunzi wake, ng'ombe zogulitsa zomwe.

Amene sankalola zimenezi kudutsa anali Che Amidu, telala wa pakhonde loyang'anana nafe. Iwowa anali a ku Chiradzulu, ndipo ankati dziko lopanda phiri ndi bwalo la mpira chabe, silingakhale ndi mbiri. A Mulepa ankabweza kuti anthu a kumapiri ndi aulesi pokumbukira, chifukwa phiri limawagwirira ntchitoyo, pamene munthu wa kudambo amayenera kusunga chulu chilichonse m'mutu mwake. Ankakangana chotere kuyambira m'mawa, wina akupalasa makina osokera, wina akunola lezala.

“A Kudambo, mkuyu wanuwo dzulo munati unkakwana msika. Lero mwawonjezera ng'ombe. Mawa tiikamo sitima?”

“Inu Che Amidu, vulani chipewacho anthu aone Chilwa chaka chimene inauma.”

Che Amidu anali ndi dazi lonyezimira, ndiye msika wonse unkafa nazo kuseka. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro, awiriwa ankagula zitumbuwa zanga n'kudyera m'mbale imodzi. Ine ndine wa ku Ntcheu, ndipo ndinene zoona, pankhani ya mkuyu ndinali kumbali ya Che Amidu.

A Mulepa analibe mwana, ndipo akazi awo anamwalira kalekale. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda kamene ankakhalamo Wyson, mnyamata wofatsa amene ankagwira ntchito yophika buledi ku Limbe. Makolo a Wyson anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira m'makomo a anthu ku Ndirande, osadziwa ngakhale dzina la mudzi wakwawo. Ameneyu ndiye anakonda Edina, mtsikana wa kudambo la Phalombe amene anabwera ku Bangwe kudzathandiza mkulu wake atabereka. Amalume aang'ono a Edina ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe, ndipo iwo analibe naye vuto Wyson. Vuto linali kumudzi. Amalume aakulu, a Mwanyali, anafunsa kuti mwamuna wopanda abale akadzamenya mwana wawo, iwo akadandaula kwa ndani? Pomaliza anati abwere Loweruka lakutilakuti ndi anthu ake, chinkhoswe chichitike ngati anthuwo aonekedi. Dzuwa likakalowa popanda munthu, nkhani yatha, pakuti panali kale wogulitsa matemba wina, wa njinga yake, amene ankamufuna Edina.

Wyson anabwera kudzameta ali ndwii. A Mulepa atamva nkhaniyo sanadule ndi mtsinje womwe.

“Iwe, ukulira chiyani? Amalume ako ndine. Abale ako ndi msika uno. Ndipo kumene ukupitako ndi kwathu.”

Amalume a kunjanji aja anatsogola kukakonzekera. Asananyamuke anati asiye munthu wotilondolera njira, pakuti kudambo kulibe zikwangwani. A Mulepa anakwiya kwambiri. Iwo kulondoleredwa kwawo? Anangofunsa kuti mudziwo uli mbali iti ya mkuyu, ndipo atauzidwa kuti pamkuyu n'kukhotera kumanja, anati basi, kwatha, angathe kukafika atatsinzina.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa pa lole ya munthu wina wonyamula njerwa. Tinalipo amayi a zitumbuwa, a tomato, a makala, anzake a Wyson a kubuledi, ndi Che Amidu amene anati akupita kukaona bodza ndi maso awo, tepi yawo yoyezera ili m'khosi monga mwa masiku onse. Tinatenga tambala wa chinkhoswe, khasu ndi nkhwangwa. A Mulepa anavala jekete la ukwati wawo. Dalaivala anawapatsa malo kutsogolo koma iwo anakana, anaima kumbuyo atagwira zitsulo, kuti aziona bwino ndiponso azimenya denga pofuna kuimitsa galimoto.

Ndipo analimenyadi dengalo. Titangowoloka Thuchila, dziko linatambasuka mpaka maso kutopa, ndipo a Mulepa anasanduka mwana. Gu! gu! gu! Taimani, onani Machemba uyo. Gu! gu! gu! Apo ndi pamene panali sitolo ya Mmwenye wogula thonje. Pamlatho wina anatiimitsa anyamata a chipani ofuna kuona makhadi. Makhadi tinali nawo, koma a Mulepa anatsika n'kuyamba kuwafotokozera mmene anthu ankawolokera mtsinjewo mlatho usanamangidwe, ndi mayina a amene anakokoloka. Anyamata aja anatopa, anatipempha okha kuti tizipita. Wyson yekha ndiye sankaseka, maso ake anali padzuwa.

Dzuwa lili pamutu tinaona mkuyu m'mbali mwa msewu. A Mulepa anamenya denga ndi manja onse awiri.

“Ndi umenewo! Kumanja, adalaivala!”

Unali mtengo wabwino ndithu, koma wa msika ayi. Mwina mbuzi zingapo. Che Amidu anauyang'ana, n'kuyang'ana a Mulepa, n'kufunsa ngati mitengo ya kudambo imafota ikakalamba. A Mulepa anati anthu anaudula nthambi, ndipo mawu awo anatsikako pang'ono. Koma tisanafunse zambiri tinamva ng'oma kutsogolo. Tinalowa m'mudzi tikuimba, ndipo amayi anatithamangira ndi nthungululu, akuyala zitenje pansi, akufuula kuti akuchimuna a ku Blantyre afika. A Mulepa anatsika pa lole ngati mfumu.

Anatikhazika pamphasa, anatipatsa thobwa, tinamwa mpaka mimba kulemera. Tinafunsa za amalume a mkwatibwi, anatiuza kuti apita kumsewu waukulu kukatichingamira, mwina tasemphana. Zinamveka bwinobwino. Amayi a pamudzipo anati dzuwa likupita, tiyambe ndi zosangalatsa amalumewo atipeza.

Mwambo wake mukuudziwa. Amatulutsa akazi mmodzimmodzi atawafunditsa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti mwamuna aloze wake. Oyambawo amakhala onamizira. Anatulutsa woyamba, akuyenda monyang'wa. Wyson anavundukula, n'kupeza gogo wopanda mano akumuphethira diso. Anthu anagwa nako kuseka. Wachiwiri anali mayi wa pakati, Wyson anakananso, nthungululu zinalira. Kenaka ng'oma zinasintha, amayi onse anaimirira, ndipo anatulutsa mwini wake, akumukupiza ndi nsalu. Wyson anapukuta manja pathalauza, anavundukula pang'onopang'ono, n'kukhala chiimire.

“Si ameneyu,” anatero.

Anthu anaseka, akuti mwamuna wa m'tauni ndi wanthabwala.

“Zoona, si ameneyu.”

Mtsikana uja anakweza maso, namuyang'ana Wyson kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“Amayi, inenso ameneyu sindikumudziwa.”

Ng'oma zinaleka. Ndikanakhala ndi njira yobwezera thobwa lija ndikanabweza pomwepo. Zinadziwika kuti mudziwo nawonso unkadikira akuchimuna ochokera ku Blantyre, pa lole, Loweruka lomwelo, pakuti inali nyengo ya maukwati. Mtsikanayo dzina lake silinali Edina, ndipo palibe aliyense mwa ife amene anaganiza zofunsa dzina, poti tinali ndi mwini dambo.

Gogo wopanda mano uja ndiye anathetsa bata. Anayandikira a Mulepa, anawasuzumira kumaso nthawi yaitali, kenaka anawomba m'manja.

“Iwe, si iwe Faniziyo? Ine ndine Esinati, tinkapha limodzi mbewa! Ife tinamva kuti unafera ku Halale. Unachoka kuno ine ndili ndi mimba ya mayi wake wa mkwatibwiyu, ndiye ukubwera lero?”

Tonse tinayang'ana mayi wa mkwatibwi, munthu wa imvi zake. Palibe anafunika kuwerengera. Munthu amene ankatimeta ndi dambo tsiku ndi tsiku anali asanalipondeko kuyambira ali mnyamata. A Esinati anawonjezera kuti mkuyu umene tinakhoterapo unali mzati umene bambo a Esinatiwo anazika pakhola la ng'ombe nthawi imene a Mulepa ankachoka, ndiye unaphuka. Mkuyu weniweni unali kutsogolo, koma unagwa ndi mphepo zaka zapitazo, anthu n'kuwotchera njerwa. Dzina lokha ndi limene linatsala, anthu amangoti pamkuyu.

A Mulepa anavula chipewa. Sindinawaonepo atachepa chotero, ndipo zinandimvetsa chisoni kwambiri. Anatembenukira kwa Wyson n'kunena motsitsa kuti, “Mwanawe, ndakulakwira.” Ndinayang'ana Che Amidu, ndikudziwa kuti mpata umene anaudikira zaka zonse wafika. Iwo anangotulutsa kansalu n'kupukuta dazi lawo.

Dzuwa linali litapendeka. A Esinati anati kwa Mwanyali ndi kufupi ngati munthu adutsa m'minda, koma galimoto iyenera kuzungulira kutali chifukwa kamlatho kanagwa. Kenaka anayang'ana oimba ng'oma awo.

“Nanga ng'omazi tawambira chiyani? Akuchimuna athu sakuoneka, tikhala pano n'kumayang'anana? Tiyeni tiwaperekeze alendowa.”

Anatsala anthu ochepa osunga mkwatibwi ndi miphika. Ena onse anakhamukira m'njira, amayi, anyamata a ng'oma, ana, agalu omwe. Dalaivala anazungulira yekha ndi lole. Tinadutsa m'minda ya nandolo tikuthamanga pang'ono, tambala akulira m'khwapa mwa mnzake wa Wyson. A Mulepa anali kumapeto kwenikweni, chipewa chili m'manja.

Pamphambano ina a Esinati anaima n'kuloza m'tchire. Munali chitsa chakuda, chopsa mbali imodzi, ana a mbuzi akusewera pamwamba pake. Ife tinkafuna kupitirira, koma Che Amidu anakweza dzanja. Anavula tepi yawo m'khosi, analowa m'tchiremo ndi nsapato zawo zoyera, n'kuyamba kuyeza chitsacho mozungulira. Tepi inatha. Anaika chala, anayambiranso, inathanso. Anapitiriza chotero mpaka anasowa kuseri, tikungomva mawu awo akuwerenga. Atatulukira mbali inayo anali ndi chisoso m'thalauza monse.

“A Kudambo, tabwerani kuno,” anaitana mokweza kuti aliyense amve. “Walahi, pamenepa simunaname. Ng'ombe zija zinkakwanadi. Mwinanso sitima.”

A Mulepa anayandikira, anaika dzanja pachitsacho, ndipo misozi inatsika osaibisa. Kenaka anavala chipewa. Kuchokera pamenepo anayenda kutsogolo kwa gulu lonse, akuloza uku ndi uku. Chulu cha atsikana chija anachipeza, ngakhale wina anali atadzalapo maungu. Chitsime chosauma anachiloza kolakwika, amayi a pamudzi anawakuwiza, iwo n'kunena kuti chinasamuka. Mtsutso unali wokoma moti ng'oma zinkachita kuvutika kumveka.

Edina anandiuza pambuyo pake mmene zinalili kwawo. A Mwanyali anali atalamula kale kuti mphasa zipindidwe. Njinga ya wa matemba uja inali itatsamira pankhokwe, mwini wake akumwa thobwa mwaulemu. Edinayo anali m'nyumba akulira, atafunda chitenje chimene anayenera kutulukira. Onse ankatchera khutu kumsewu kudikira kulira kwa lole, ndiye anadabwa kumva ng'oma zikuchokera kuminda, fumbi lili koboo.

A Mwanyali anaima pabwalo atagwira m'chiuno, akuona anthu akungotuluka m'nandolo osatha.

“Kodi onsewa ndi ndani?”

“Akuchimuna,” anayankha a Mulepa, akukonza jekete.

“Nanga si munkati mnyamatayu alibe abale?”

A Esinati sanadikire kuti wina ayankhe. “Abale ake ndife, a Mwanyali. Watikanira mwana wathu pamaso pa anthu, thobwa lathu atamwa. Ndiye sitimusiya ameneyu mpaka tione amene akumufunayo. Akadzalakwa mudzabwere kwa ine, pakhomo panga mukupadziwa.”

A Mwanyali anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika, anaseka mpaka kutsokomola. Mphasa zinayalidwanso. Edina atamutulutsa, Wyson sanadikire n'kuvundukula komwe, anamuzindikira poyenda. Tambala wathu anaperekedwa, ife tinalandira msoti, ndipo tinavina mpaka miyendo kukana. Wa matemba anakwera njinga yake mwakachetechete. Akuchimuna a mudzi woyamba uja anafika madzulo ndithu, lole yawo inali itafera pa Thuchila, ndipo tonse tinabwerera komweko kukavinanso. Mkwatibwi amene anakanidwa uja mpaka lero amamutcha Wyson kuti mwamuna wanga woyamba.

Mungaganize kuti a Mulepa anaphunzirapo kufatsa. Ayi ndithu, zinachita kunyanya. Chilimwe chilichonse ankatseka mpando wawo n'kupita kudambo, kukakhala kwa Mwanyali ngati mlamu, n'kubwerako ndi nkhani zatsopano. Mitu ya pa Bangwe inalandira malo ena. Munthu akakhala ndi chipsera kapena kachiphuphu, pamenepo pankakhala mudzi wa mkwatibwi wolakwika, ndipo nkhaniyo ankaifotokoza okha, akudziseka kuposa tonsefe. Che Amidu anasiya kutsutsa za mkuyu, anasamukira pachitsime. Wyson akasemphana mawu ndi Edina, a Mulepa ankavala jekete lija n'kukakhala pakati pawo ngati amalume enieni, ndipo nthawi zambiri wolakwa ankapezeka Wyson.

Anadwala masiku ochepa chabe, m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Edina ndiye ankawaphikira phala, Wyson n'kumawasambitsa. Atamwalira tinayamba kukambirana zowaika kumanda a konkuno, poti abale awo enieni anatha kalekale ndipo mudzi wawo unasanduka minda. Tili mkati mokambirana anafika a Mwanyali, atakalamba, akuyendera ndodo. Anati amalume a mkamwini wawo sangagone pakati pa alendo ngati munthu wopanda kwawo. Malo anali atakonza kale kumanda a banja lawo.

Sabata yatha tinapitanso kudambo kukamanga chiliza. Wyson anapeza lole, ndipo tinadzaza monga kale, matumba a simenti, mitolo ya nkhuni, amayi a pamsika, Che Amidu, Edina ndi ana ake. Tinapanikizana moti ena anakhala pamiyendo ya anzawo. Koma kutsogolo, kuseri kwa dalaivala, pazitsulo zogwira paja, panatsala mpata wokwana munthu mmodzi woimirira. Palibe anauza mnzake kuti pasiyidwe. Ngakhale thumba palibe anaikapo.

Tinawoloka Thuchila, dziko linatambasuka, ndipo tinangodutsa. Zulu zinali zulu basi, mitengo inali mitengo. Pamphambano ya chitsa dalaivala anachepetsa liwiro, anatulutsa mutu pawindo n'kuyang'ana m'mwamba, kudikira kuti wina amuuze. Tonse tinatembenukira pampata paja. Patapita kanthawi Edina ananena motsitsa kuti, “Kumanja.”

Tinafika kwa Mwanyali kudakali m'mawa, osasochera, osaima paliponse. Moyo wanga wonse sindinayendepo ulendo wotalika ngati umenewo.